GULUGUFE WA TSANYA NDI NSOMBA YA MBOLA

 Usiku uno tifuna kuika pamodzi zamoyo ziwiri zimene sizinaonane cilengedwere dziko, ndipo sizidzaonana konse. Cina cimakhala m'nkhalango za tsanya za m'cigwa ca Luangwa ndi ca Zambezi; cinzace cimakhala m'nyanja ya mcere, kutali kum'mawa kumene mkuwa wathu umakakwera zombo. Coyamba ndico gulugufe wouluka usiku, mai wace wa mbozi zija timagula pamsika. Caciwiri ndico nsomba yaphanthiphanthi ya mcira wautali, imene Angelezi amaicha stingray, ndipo Aswahili amati taa. M'mitsinje yathu mulibe nsomba yotere, cotero m'nkhani ino tiziicha nsomba ya mbola.

Kapena wina afunsa kuti, Nanga ziwirizi zikhudzana pati? Zonse ziwiri zabvala maanga ooneka patali, ndipo zonse ziri ndi adani ofuna kuzidya. Koma maanga a gulugufe ndi cinyengo, pakuti iye alibe cida ciri conse. Maanga a nsomba anena zoona, pakuti kumbuyo kwace kuli mkondo. Tikatsata kusiyana kumeneku tidzakupeza m'makhalidwe ao onse, kufikira pa ciwerengero ca ana amene zimabala.

Tiyambe ndi wa kwathu. Mvula ikayamba kugwa, pamisika ya Kitwe, Mufulira ndi Lusaka amai amakhala ndi mabeseni odzala mbozi zouma. Abemba amati ifishimu, a ku Lusaka amati vinkubala, ndipo a kum'mawa adziwa matondo ndi mphalabungu. Maina amenewa aphimba mitundu yambiri, ndipo mtundu uli wonse uli ndi mitengo yace imene umaikonda. Ife titenga umodzi wokha, umene umadya masamba a tsanya, mtengo uja ena amati mupane. Akatswiri a zamoyo amaucha Gonimbrasia belina, ndipo amene anayamba kuulemba m'mabuku ndiye Mngelezi wina, John Westwood, m'caka ca 1849. Ku Zimbabwe mbozi imeneyi amati madora kapena amacimbi. Ku Botswana amati phane, ndipo kumeneko anailemekeza kotero kuti anaijambula pa ndalama yacitsulo ya 5 pula.

Ambiri a ife tadya mwana, koma mai wace sitimdziwa. Mbozi imeneyi imaswa m'dzira limene laikidwa pa tsamba kapena pa kanthambi, patapita masiku ngati 10. Kuyambira tsiku lomwelo nchito yace ndi imodzi, ndiyo kudya, usana ndi usiku. Imafundula khungu lace kanai pamene irikukula, ndipo pakutha milungu 4 kapena 6 yafika msinkhu wa cala ca munthu wamkulu, yonenepa, ya maanga oyera, obiriwira ndi acikasu, ndi timinga tatifupi pamsana. Zikaculuka zimatha masamba a nkhalango yonse, mitengo nikhala ngati ya m'malimwe pakati pa dzinja. Ikakhuta imaleka kudya, imatsika pamtengo, nikumba m'nthaka. M'menemo khungu lace limauma ndi kusanduka cigoba colimba, ndipo imagona momwemo miyezi 6 kapena 7, masika ndi malimwe onse. Mvula ya November ikafewetsa dothi, cigoba cimang'ambika, ndipo cotulukamo si mbozi iai, koma gulugufe.

Gulugufe ameneyu ndi wa banja limodzi ndi kadzioche uja amazungulira nyali zathu, koma iye ndi wamkulu ndithu: akatambasula mapiko amafika masentimita 12, kuposa cikhatho ca munthu. Cozizwitsa cace ndi ici, cakuti alibe pakamwa podyera. Sadya, samwa. Mphamvu yonse imene ali nayo ndiyo ija anasonkhanitsa ali mbozi, ndipo imamkwanira masiku 3 kapena 4 okha. M'masiku owerengeka amenewa ayenera kupeza mnzace mumdima wa m'nkhalango, ndipo wamkazi ayenera kuikira mazira asanafe.

Amapezana bwanji? Wamkazi amakhala pa nthambi natulutsa fungo limene mphuno ya munthu siingamve. Wamwamuna ali ndi tinyanga tiwiri pamutu tooneka ngati nthenga za nkhuku, ndipo ndi timeneti amanunkhiza mphepo, nauluka motsata fungolo kufikira atampeza. Mfalansa wina wokonda tizirombo, Jean-Henri Fabre, anaona zimenezi ndi gulugufe wa ku Ulaya wa banja lomweli. Anatsekera wamkazi mmodzi m'cipinda cace, ndipo usiku womwewo amuna ngati 40 analowa m'nyumba. Cinsinsi ca fungo lotere cinaululika m'caka ca 1959, pamene Adolf Butenandt wa ku Germany analipatula mwa agulugufe a silika. Ndipo kuti apeze kadontho kokwanira kuyeza, anagwiritsa nchito agulugufe aakazi ngati 500,000.

Tsono taganizani za usana. Gulugufe wonenepa, wodzala mazira, wosadziwa kuluma kapena kulasa, ali gone pa thunthu la mtengo, ndipo mbalame zirikusaka. Cinjirizo lace loyamba ndilo kubisala. Mapiko akutsogolo ali ndi maonekedwe a khungwa ndi masamba ouma, ndipo amawayala pamwamba pa mapiko akumbuyo, nakhala cete. Koma mbalame ikamtulukira ndi kumjompha, amakankha mapiko akutsogolo mwadzidzidzi, ndipo pa mapiko akumbuyo pamaoneka maso awiri aakulu, ofiirira ngati lalanje, ozingidwa ndi mizere yakuda ndi yoyera. Kambalame kamene kanadza kudzadya kapeza kuti cinthu ca maso aakulu cirikukapenyetsetsa, ndipo kamadzidzimuka ndi kuthawa.

Ndikhulupirira kuti ena a inu mulikuseka, kuti mbalame siingapusitsidwe ndi utoto. Koma zimenezi zinayesedwa. M'caka ca 1957 katswiri wina wa ku Mangalande, David Blest, anaonetsa kuti timbalame timacita mantha ndi maanga onga maso akaonekera mwadzidzidzi. M'caka ca 2005 akatswiri a ku Sweden anabwereza nchitoyi ndi gulugufe wa kwao wa maso anai. Ena anawafafaniza masowo ndi inki, ena anawasiya, ndipo onse anawaika pamaso pa timbalame tanjala. Mwa 34 amene anali ndi maso ao, anadyedwa mmodzi yekha. Mwa 20 ofafanizidwa, anadyedwa 13. Pa cifukwa cace ceniceni akatswiri atsutsana. Ena ati mbalame imayesa kuti yaona kadzidzi, mdani wace wakale; ena ati imangoopa cinthu cowala cimene catulukira mosayembekezeka. Kwa ine mbali ya kadzidzi imveka bwino, pakuti amene anayang'ana mapiko amenewa pafupi adziwa kuti munthu yemwe amabwerera m'mbuyo pang'ono. Koma cinyengo ciri ndi malire ace. Mbalame yolimba mtima, kapena imene inalawapo kale, imadya gulugufeyo ndi maso ace omwe.

Usiku mdani ndi mleme, ndipo mleme suopa maanga, cifukwa umasaka ndi makutu: umalira mau okwera kwambiri, numvera m'mene mauwo abwerera atagunda cinthu. Apa pathandiza fumbi lija limatsalira pa zala mukagwira gulugufe. Fumbi limenelo ndi timamba tating'ono-ting'ono toyalana ngati udzu wofolera nyumba, ndipo utoto wonse wa mapiko uli m'timeneto. M'caka ca 2018 akatswiri a ku Bristol anayeza timamba ta gulugufe wina wa kuno ku Africa, mbale wace wa uyu wa tsanya, wochedwa Bunaea alcinoe, napeza kuti timameza mau a mleme monga bulangete limeza phokoso.

Tiyeni tsopano ticoke m'nkhalango, tikwere sitima pa Kapiri Mposhi, titsate njanji ya TAZARA makilomita 1,860 kufikira ku Dar es Salaam. Kumeneko, ndi ku Zanzibar, ndi m'gombe la Mozambique monga ku Pemba ndi ku zisumbu za Bazaruto, m'madzi osaya muli miyala ya korali, imene imamangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja. Pansi pa miyala imeneyi ndipo pamakhala nsomba yathu yaciwiri. Nsomba za mbola ziri za mitundu yambiri, zina zazikulu kuposa citseko ca nyumba. Imene tasankha ndi yaing'ono, ya maanga a buluu, yochedwa Taeniura lymma. Amene anayamba kuilemba ndiye Peter Forsskål wa ku Sweden, amene anaiona m'Nyanja Yofiira, koma iye anamwalira ndi malungo pa ulendo womwewo, ndipo zolemba zace zinasindikizidwa m'caka ca 1775 mwini wace atafa kale.

Kuti muione m'maganizo, tengani licero laling'ono, la masentimita 35 m'mimba mwace, mulibvundikire pa mcenga, ndipo kumbuyo kwace mumangirire mcira wonga cikoti. Msana wace ndi wacikasu codera, wowazidwa maanga a buluu owala ngati mikanda, ndipo mizere iwiri ya buluu imatsika m'mbali mwa mcira. Mafupa iribe. Thupi lace limagwirizika ndi mnofu wolimba wonga wa m'khutu la munthu, cimodzimodzi shaki, pakuti shaki ndiye mbale wace. Posambira siigwedeza mcira monga acita mlamba kapena pale, koma imakupiza m'mphepete mwa thupi lace, nioneka ngati irikuuluka pansi pa madzi. Apa ndipo ifanana pang'ono ndi gulugufe wathu: zonse ziwiri ndi zopyapyala, zoyenda ndi mapiko.

Inu amene simunafike ku nyanja ya mcere dziwani kuti madzi ace amadzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku, mokokedwa ndi mwezi. Madzi akamadzala, nsomba zimenezi zimatuluka m'mapanga ao m'magulu, nizipita pa mcenga wosaya kukafukula nkhanu, nyongolotsi, nkhono ndi tinsomba. Madzi akayamba kuphwa zimabwerera, iri yonse m'phanga lace, kawiri-kawiri mcira wokha uli kunja. Ambiri a abale ace amadzikwirira mumcenga, koma iyi siicita zimenezo kawiri-kawiri.

Kadyedwe kace nkodabwitsa. Maso ali pamsana, pakamwa pali kumimba. Cotero siiona cimene irikudya. Ndiponso popeza pakamwa pamakhala pa mcenga, imakoka madzi opuma ndi ziboo ziwiri za kumbuyo kwa maso. Nanga nkhanu yobisala pansi pa mcenga imaipeza bwanji? Camoyo ciri conse cikamagwedeza minofu yace cimatulutsa mphamvu ya magetsi yocepa kwambiri, ndipo nsomba imeneyi iri ndi timaenje tambiri kuzungulira pakamwa timene timamva mphamvu imeneyo. Timaenjeti anatifotokoza Stefano Lorenzini wa ku Italy m'caka ca 1678, koma nchito yace inadziwika m'zaka za m'ma 1960. Anzanga a zamagetsi ku migodi, amene mumafufuza waya wamoyo m'khoma ndi cipangizo coyezera, nsomba iyi imabadwa naco cipangizo cotere pankhope. Gulugufe amapeza mkazi ndi fungo limene ife sitimva. Nsomba imapeza cakudya ndi magetsi amene ife sitimva.

Tsono tifike pa mkondo. Cakumapeto kwa mcira kuli minga iwiri, nthawi zina umodzi, yathyathyathya, ya mano m'mbali zonse ziwiri ngati sowo, ndipo manowo apenya kumbuyo monga mbedza. Mungawo wakutidwa ndi kakhungu kamene muli ululu. Nsomba ikapondedwa kapena kupanikizidwa imakwapula mcira m'mwamba. Munga umalowa, kakhungu kamang'ambika, ululu nutsalira m'bala. Potuluka munga umang'amba mnofu koposa polowa, ndipo ukathyoka wina umamera. Amene analasidwapo ndi munga wa nkholokolo adziwa pang'ono za ululu wotere, koma uwu upambana kutali. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu tisainamizire nsombayi. Siisaka ndi mbola yace, ndipo siithamangitsa munthu. Ikaona mthunzi imathawa. Olasidwa ambiri ndi asodzi oonjola nsomba mu ukonde, ndi alendo oyenda m'madzi osaya amene aiponda osaiona, ndipo bala limakhala pa phazi kapena pa mwendo. Imfa siicitika kawiri-kawiri. Imene inamveka pa dziko lonse ndi ya Steve Irwin wa ku Australia, wojambula mafilimu a nyama, amene anafa pa 4 September 2006 atalasidwa pacifuwa ndi nsomba ya mbola ya mtundu wina waukulu kwambiri. Inu amalonda ndi oyendetsa malole amene mumafika ku gombe, mukalowa m'madzi muzikhwekhwereza mapazi pa mcenga m'malo monyamula miyendo, kuti nsomba imve kubwera kwanu nicoke. Wina akalasidwa, bviikani balalo m'madzi otentha monga angathe kupirira osapsa, kwa mphindi 30 kufikira 90, pakuti kutentha kumacepetsa kuwawa. Ndipo mupite naye ku cipatala, cifukwa zidutswa za munga zimatsalira m'kati ndi kuoletsa bala. Munga ukalowa pacifuwa kapena pamimba, musauzule.

Akatswiri ambiri aganiza kuti maanga a buluu aja ndi cenjezo kwa adani, monga mizere ya mabvu: usandikhudze, ndiri ndi cida. Ngati nditero, gulugufe ndi nsomba alikunena mau amodzi, koma mmodzi yekha ndiye angathe kucita cimene wanena. Ngakhale tero, mkondo nao uli ndi malire ace. Shaki ya mutu wonga nyundo imakonda nsomba za mbola koposa ndiwo zina, imazipanikiza pa mcenga ndi mutu wace, ndipo zina zagwidwa ziri ndi minga makumi angapo yobaya kukamwa, koma zamoyo ndi zonenepa.

Kusiyana kwakukulu koposa kuli pa kubala. Gulugufe wamkazi amaikira mazira 50 kufikira 200 pamodzi, nafa osaona mwana ndi mmodzi yemwe. Mazirawo amaboolewa ndi timabvu tating'ono toikira mazira ao m'kati. Mbozi zimadyedwa ndi mbalame. Zigoba za m'nthaka zimafukulidwa ndi nkhandwe ndi njiri. Mwa ana onsewo akapulumuka awiri okha kufikira kubala, mtundu suutha. Nsomba ya mbola siiikira mazira pa mcenga. Ana amakulira m'mimba mwa mai wao, poyamba alikudya yolk ya dzira lao, pambuyo pace madzi amafuta onga mkaka amene mai amatulutsa m'cibaliro. Amabadwa amoyo, osaposa 7 pa nthawi imodzi, ali yense ndi maonekedwe a mai wace ndi maanga ace omwe, wodziwa kale kusambira. Wopanda cida amataya ana ambiri napulumuka ndi unyinji. Wa mkondo amabala owerengeka, ndipo ali yense wa iwo ndi wa mtengo wapatali ku mtundu wace.

Zinjirizo zonsezi zinakonzekera mbalame, mleme ndi shaki. Munthu zinalibe naye cocita. Ukonde suopa mbola, ndipo nsomba yobala ana ocepa ikagwidwa yambiri imacedwa kubwerera. Mapanga ace a korali aonongeka m'malo ambiri ndi kutentha kwa madzi, ndiponso ndi asodzi ophera nsomba mabomba, cizolowezi cimene cinabvuta gombe la Tanzania zaka zambiri. Zina zimagwidwa cifukwa ca kukongola kwao, kukagulitsidwa kwa osunga nsomba m'magalasi ku maiko akutali, kumene zambiri sizikhalitsa.

Za nsomba tingangomva cisoni, pakuti iri kutali. Za gulugufe ziri m'manja mwathu, ndipo zikhudza mphika wa m'nyumba. Mbozi zouma, kuposa theka la kulemera kwace ndi cakudya comanga thupi, ndipo zimafika m'miyezi imene nkhokwe zapepuka ndi ndiwo zasowa. Mabanja ambiri a kumidzi amalipira nazo sukulu ndi kugula feteleza. Unyinji wa mazira ungathe kupirira mbalame, ungathenso kupirira mabeseni a otola. Cimene suungapirire ndi kutha kwa mitengo. Tsanya ndi mtengo wa makala abwino, ndipo matumba amene timagula m'tauni amacokera m'nkhalango zomwezo. Alipo ena otola amene, pofuna kufulumira, amagwetsa mtengo wonse kuti atole mbozi za kunsonga, ndipo mtengo wa tsanya umatenga zaka zambiri kuti ukule. Moto wocedwa, woyatsidwa mitengo itaphuka kale, umaocha masamba anthete pamodzi ndi mazira ndi timbozi tating'ono. Ndipo ife a m'tauni tisadziyese oyera: mitengo yokwera imene timapereka ndiyo imatuma anthu kutola mbozi zisanakhwime, ndi kusesa zonse osasiyako.

Makolo anali ndi malamulo pa zimenezi, ndipo m'madera ena akalipo. Kwa Abisa a m'dziko la Mfumu Kopa, kumene amatola mitundu ina iwiri yochedwa chipumi ndi mumpa, akulu amayamba ayendera nkhalango kuona m'mene mazira aikidwira ndi m'mene mbozi zirikukulira. Palibe wotola kufikira mfumu italengeza tsiku, ndipo mfumu yomweyo imatseka nyengo mbozi zikalipo pamitengo. Zotsalazo zimatsika, zimalowa m'nthaka, ndipo ndizo zimatuluka ndi mapiko caka camawa.